Tauni yatipeza, ndipo yabwera ndi utsi wake

 Anyamata amene mwaima kumsewuko senderani kuno, chifukwa nkhani ya lero ikukhudza kwambiri inuyo oumba njerwa, oswa miyala ndi a kabaza.

Agogo athu ali panowa akukumbukira kuti likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, kupita m'tauni unali ulendo wokonzekera ndi kamba. Kalembera wa 1977 anapeza anthu pafupifupi 99,000 mumzinda wa Lilongwe. Wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000. Anthu onsewa akufuna nyumba ndipo akufuna kudya nsima yakupsa. Nanga njerwa zikuchokera kuti? Kwa ife. Mchenga, miyala ya kwale, makala odutsa pano m'bandakucha kuchokera ku Dzalanyama, zonsezi zikudzera m'manja mwathu. Malata akuwala m'mudzi muno agulidwa ndi ndalama zomwezo, choncho sindinabwere kudzanyoza geni ya munthu. Koma lole ikanyamula njerwa kupita m'tauni, utsi umene unawotcha njerwazo sukwera nawo. Umatsala kuno, m'zifuwa za ana athu.

Mu utsi muli tinthu ting'onoting'ono timene akatswiri amatitcha PM2.5. Tsitsi limodzi la m'mutu mwanu ndi lonenepa kuwirikiza pafupifupi 30 poyerekeza ndi kamodzi ka timeneti. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno, mumamina n'kuthana nalo. Tating'onoti timadutsa mpaka pansi pa mapapo, tina n'kulowa m'magazi. N'chifukwa chake utsi suthera pa chifuwa chokha. Umabweretsa chibayo kwa ana, umadzutsa mphumu, umawonjezera matenda a mtima ndi kufa ziwalo, ndipo mayi woyembekezera wokhalitsa mu utsi amatha kubereka mwana wochepa sikelo. Bungwe la WHO limati mpweya woipa, wapanja ndi wam'nyumba pamodzi, umapha anthu pafupifupi 7 miliyoni chaka chilichonse padziko lonse.

Amayi, mukabwerera lero mukayang'ane kutsindwi kwa khitchini yanu. Udzu ndi phaso zinada bii ndi mwaye, mpaka kangaude wolendewera pamenepo anasanduka wakuda. Utsi umene unadetsa tsindwilo ndi womwewo mumapuma inu powerama kukoleza moto, mwana ali kumbuyo, kamphuno kake kali paphewa panu. Iyeyo amapuma mofulumira kuposa inu, ndipo mapapo ake akadakula.

Mwina mukuti yankho ndi mbaula yamakono basi. Inde, Chitetezo Mbaula ndi yabwino, imapulumutsa nkhuni, ndipo ine ndimailimbikitsa. Koma tamverani izi. Ku Chikwawa ndi ku Karonga kunachitika kafukufuku wamkulu wa ana oposa 10,000 osakwana zaka 5. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zokhala ndi kafani, zotulutsa utsi wochepa kwambiri, ena anapitiriza kuphika pa mafuwa. Zotsatira zitatuluka mu 2016, chibayo sichinachepe m'mabanja a mbaula zija. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anaganizira n'chakuti mwana sakhala m'khitchini mokha. Akatuluka akumana ndi dzala likufuka, fodya wa bambo, utsi wa kwa anansi. Ndiye kuti khomo limodzi palokha silingathane ndi vutoli, n'chifukwa chake ndapempha a Gulupu kuti tikambirane ngati mudzi.

Tiyambe ndi uvuni wa njerwa. Umafuka usana ndi usiku, ndipo ambiri mukuumanga kuseri kwa nyumba chifukwa dothi lili pomwepo. Pena nkhuni zikachepa ena akuponyamo matayala akutha. Chimenecho chokha chisiyidwe lero lomwe. Mudziwenso kuti kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga saloleza njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba zaboma ndi zamalonda zikuluzikulu. Msika ukupendekera ku mabuloko a simenti, ndipo mnyamata wochenjera ayambe kuphunzira chikombole chimenecho.

Oswa miyala, inu ndiye mumandidetsa nkhawa koposa. Funsani madala amene anapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela. Anzawo ambiri anabwerera ndi masuti ndi mawailesi, koma patapita zaka anayamba kubanika, kukwera kachulu kokha n'kupumira m'mwamba. Fumbi la miyala likalowa m'mapapo silituluka, limasiya zipsera zosapola, ndipo munthu wotero chifuwa chachikulu chimamugwira msanga. Mayi wokhala pansi ndi kanyundo tsiku lonse, nsidze zitayera mbuu, khanda likukwawa pa mulu wa kwale, akupuma fumbi la mtundu womwewo. Wazani madzi pamiyala musanayambe kuswa, khalani kumene mphepo ikuchokera, ndipo ana akhale kutali. Kansalu kumphuno kamagwira fumbi lalikulu lokha, musakadalire kwambiri.

Za majumbo sindichulutsa. Kukolezera mbaula ndi jumbo kapena kachidutswa ka silipasi n'kofulumira, koma utsi wakewo ndi poizoni, ndipo umapita pa chakudya chomwe. Zitsononkho ndi timitengo touma zimagwira ntchito yomweyo. Masamba ndi makoko tisawotche, tikwirire apange manyowa, feteleza ndi uyu wakwera mtengoyu.

M'miyezi ya June ndi July, mpweya wozizira umakhala pansi m'mawa ndi madzulo, ndipo utsi umayala pamudzi osakwera kumwamba. Nyengo yomweyo ena amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda n'kutseka chitseko ndi mawindo. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umagonetsa munthu tulo tosadzuka. Mbaula isagone m'nyumba, ngakhale kuzizire chotani.

Tsono zizindikiro. Mwana akamatsokomola ndi kupuma mofulumira, werengani kapumidwe kake kwa mphindi imodzi ali phee. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika 40, bwerani naye kukiliniki ya m'mudzi tsiku lomwelo. Pansi pa nthiti pakamalowa m'kati popuma, kapena akakana kuyamwa, musadikire kuti kuche, thamangani kuchipatala. Katemera wa chibayo alipo kusikelo kuyambira 2011 ndipo ndi waulere. Wamkulu aliyense wotsokomola milungu iwiri akapereke makhololo.

A Gulupu, zopempha zanga ndi izi. Mutipatse malo amodzi a mauvuni, kutali ndi nyumba ndi sukulu, kumbali imene mphepo imapita. Muike chindapusa kwa wowotcha matayala ndi mapulasitiki. Ndipo komiti ya zaumoyo ilembe kalata yopita kukhonsolo, yopempha kuti eni malole odutsa pano azithira madzi mumsewu chilimwe chino kuti fumbi lichepe. Ndikulemba nawo kalatayo tikangotha pano, amlembi musachoke. Amayi kumbuyoko ndaona dzanja lili m'mwamba, yankhulani.