Timu ya Bambo, Timu ya Mwana

Madzulo ano ndifuna kuceza nanu za mpira wa miyendo, makamaka za anthu amene saumenya konse, koma timu yao ikagonja amagona ndi njala.

Ambiri a inu mudziwa kuti mafamu a fodya a ku Mashonaland, monga a ku Banket, Trelawney ndi Mvurwi, analimidwa ndi manja a anthu a kwathu. Makolo ao anabwera pansi kucokera ku Nyasaland ndi ku Tete, nabala ana m'makomboni. Eni dziko anali kuwacha Mabhurandaya, ndiko kuti anthu a ku Blantyre, ngakhale ambiri a iwo Blantyre sanamuonepo. Munthu wotere analibe munda wa makolo, analibe mfumu ya mudzi, ndipo pa citupa cake panalembedwa kuti ndi mlendo. Koma panali khomo limodzi limene sanali kufunsapo citupa. Ndilo khomo la timu.

Dynamos inayamba m'caka ca 1963 ku lokeshoni imene lero ichedwa Mbare, ndipo malaya ace abuluu anafika m'makomboni ambiri. Adani ace akulu ndi awiri: Highlanders ya ku Bulawayo, imene inayambidwa m'caka ca 1926 ndi adzukulu a mfumu Lobengula, ndi CAPS United, yobvala zobiriwira, ya mumzinda womwewo wa Harare. Udani wa Dynamos ndi Highlanders umaopsya, cifukwa anthu ena amausandutsa wa Ashona ndi Andebele. M'caka ca 2023 masewera ao pa bwalo la Barbourfields analekezedwa pakati cifukwa ca cipolowe. Ine ndiyesa kuti munthu wa m'komboni akalowa m'nyimbo zotukwana mitundu, aiwala kuti mawa nyimbo yomweyo idzatembenukira iye.

Koma nkhani imene ndifuna kukuuzani ndi ya m'nyumba imodzi. Ndisanayambe nchito ino ndinali mphunzitsi pa sukulu ya pa famu kufupi ndi Banket. Pamenepo panali mkulu wina, woyang'anira zigafa kale, amene anakonda Dynamos kuyambira unyamata wace. Anthu anandiuza kuti m'caka ca 1998, pamene Dynamos inagonja 4 kwa 2 ku Abidjan pa masewera otsiriza a cikho ca Afrika, mkuluyu anazima wailesi nakhala masiku awiri osalankhula. Mafamu atalandidwa kuyambira caka ca 2000, nchito inatha, anzace anabalalika, koma wailesi ija anaisunga.

Tsono m'caka ca 2005 mnyamata wa ku Malawi, Joseph Kamwendo, anasewera bwino kwambiri ku CAPS United, kotero kuti anasankhidwa kukhala woposa onse m'Zimbabwe caka cimeneco. Mwana wa mkulu uja, amene anali m'kalasi langa, anabwera kwao ndi nsaru yobiriwira m'khosi. Kwa mwanayo cinali cinthu cacikuru kumva dzina la Cimalawi likuchulidwa ndi ulemu pa wailesi, pakuti ku sukulu maina otere anali kusekedwa. Bambo wace anakana kudya naye mbale imodzi.

Mai wa mwanayo anandipempha kuti ndikawayanjanitse. Ndinapita, ndipo ndibvomere kuti mtima wanga unali ndi mwana. Ndinati, “Bambo, kodi si cabwino kuti mwana wanu anyadire wa kwao?”

Mkuluyo anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndipo anati, “Aphunzitsi, Kamwendo ali ndi kwao, ndipo mawa adzapita. Ine ndinabadwira pa famu pano, ku Malawi sindidziwa ndi mudzi womwe. Dynamos yokha ndiyo sinanditulutse nchito. Mufuna ndiisiye?”

Ndinasowa coyankha. Kamwendo anacokadi ku CAPS pasanapite nthawi, koma mwanayo sanabvule nsaru yace. Pamene ndinacoka pa sukulupo, anali atayambanso kudyera pamodzi, kupatula tsiku la masewera.