Sikelo ndi Kabuku



Lero tikambirane za malonda aang'ono: mwini chigayo, telala wa pakhonde, wokonza njinga, mayi wogulitsa mbatata ya kachewere ku Ulongwe, mnyamata wogulitsa usipa ku Metangula. Ena amati ntchito zimenezi n'zongopezera mchere ndi sopo. Ife tikuti pamalo a malonda ndi pasukulu. Mudzi wonse umafika pamenepo tsiku ndi tsiku, umaona zochitika, ndipo umatengera.

Tikumbuke kumene tachokera. Nthawi ya atsamunda, mlimi ankasenza chimanga kapena mtedza kupita ku kantina. Mwini kantina ankaika katunduyo pasikelo, n'kuwerenga yekha, n'kulemba yekha ngongole m'buku. Mlimi sankatha kutsutsa chifukwa sankadziwa manambala. Pamene dziko la Moçambique linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa anthu 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Kampeni yoyamba yophunzitsa akuluakulu m'dziko lonse inayamba mu 1978. Kalembera wa mu 2017 anapeza kuti akuluakulu 39 mwa 100 alionse anali asanadziwebe.

Tsono mvetsani ngozi yake. Inu mukuphunzira, koma anansi anu ambiri sanaphunzire. Mawa sikelo idzakhala m'manja mwanu, cholembera m'manja mwanu. Kodi mudzachita nazo chiyani? Amene wadziwa manambala n'kumabera nawo agogo osadziwa, ameneyo watsegulanso kantina ya mtsamunda. Ana ake akumuona. Make mbuu, mwana mbuu.

Njira ina ilipo, ndipo anatisonyeza ndi amayi a kum'mwera. Mu 1980, m'madimba ozungulira mzinda wa Maputo, otchedwa Zonas Verdes, alimi osauka anayamba kugwirizana m'makoperativa. Pafupifupi onse anali akazi, ambiri osaphunzira. Mgwirizano wawo unatchedwa União Geral das Cooperativas. Anayamba ndi ndiwo zamasamba ndi nkhumba, kenaka nkhuku. Ndalama za malondawo sizinathere m'thumba la munthu mmodzi. Anatsegula nyumba zosamalira ana kuti amayi alime momasuka, anatsegula makalasi a kuwerenga, sukulu ndi zipatala zazing'ono. Akazi anaphunzira kulemba ndalama m'buku ndi kuyankhula pamsonkhano.  Mtsogoleri wawo, Mayi Celina Cossa, analandira mphoto ya utsogoleri wothetsa njala mu Africa mu 1998.

 Anthu anakopeka ndi zimene anaona ndi maso. Ifenso tingachite chimodzimodzi, aliyense pamalo pake. Ntchito zathu ndi izi.

Yoyamba, sikelo iyang'ane kwa wogula. Muwerenge naye limodzi manambala mokweza. Ngati mumayeza ndi chidebe, chikhale chomwecho pogula ndi pogulitsa, chosaphwanyidwa pansi.

Yachiwiri, lembani mitengo pachikwangwani, mtengo umodzi kwa onse, kwa wovala nsapato ndi kwa wopanda nsapato. Amene akuphunzira kuwerenga adzayesera pachikwangwani chanucho.

Yachitatu, ngongole ilembedwe m'kabuku wokongolayo akuona: tsiku, katundu, mametikala angati. Akabweza, mufufute iye ali pomwepo.

Yachinayi, ngati muli ndi mwana wokuthandizani pantchito, asajombe kusukulu chifukwa cha malonda anu. Mtsikana aphunzire kusunga kabuku monga mnyamata.

Wina afunsa kuti, kodi sindidzaluza? Phindu lanu pa kilo imodzi lidzachepa, n'zoona. Koma wogula amene waona kuti simunamubere adzabweranso, ndipo adzauza mnzake kuchitsime. Wamalonda wa pafupi nanu akaona anthu akudutsa pakhomo pake kubwera kwa inu, nayenso adzakonza sikelo yake. Msika umasintha motero, benchi ndi benchi.

Pa phunziro lotsatira aliyense abweretse mitengo ya zinthu zitatu zimene amagulitsa kapena kugula. Tidzailemba limodzi pabolodi, tidzaphatikiza, tidzachotsera.

Tiphunzire kuti tisaberedwe. Tiphunzire kuti tisabere ena.

Nkhondo yolimbana ndi umbuli ikupitirira!