Mtima Wodekha pa Bwalo la Masewera



Taonani mnyamata woti amenye penate pa bwalo la ku Kasungu. Miyendo yake njamphamvu, koma mtima ukathamangira kwa anthu okuwa, kapena ku chigoli chimene anaphonya dzulo, mpira upita kuthengo. Nchifukwa chake Phil Jackson, mphunzitsi wa basketball amene anatenga ukatswiri maulendo 6 ndi Chicago Bulls pakati pa 1991 ndi 1998, ankakhazika osewera ake chete, kuti azimvetsera kupuma kwao ndi kubweza maganizo akasochera.

Ife Akhristu nzeru imeneyi sitiidabwa. Ignatius Woyera, amene sukulu ya Loyola kuno ku Kasungu imatikumbutsa, anaphunzitsa kuti mzimu uyenera kuzolowetsedwa monga thupi lizolowera kuyenda ndi kuthamanga. Ngakhale posankha fodya m'chigafa, wamaganizo obalalika amasakaniza magiredi, mtengo n'kugwa ku okushoni.

Tsono makolo ndi akatekisti, tisangolamula ana kupemphera. Tizikhala nawo chete pamaso pa Mulungu, ngakhale mphindi 5 madzulo alionse, kuti asadzanjenjemere pamaso pa khamu. Amen.