Galu Wokoka Cileyi

M'caka ca 1896 anthu anapeza golidi pafupi ndi mtsinje wa Klondike, kumpoto kwa dziko la Canada. Mbiri itamveka, anthu ngati 100,000 anasiya nchito ndi mabanja ao nanyamuka, koma amene anafikako sanakwane theka. Mmodzi mwa ofikawo anali mnyamata wa ku San Francisco, dzina lace Jack London. Iye anapita mu 1897, nabwerako mu 1898 ali wodwala ndi wopanda cuma. Koma zimene anaziona kumeneko anazilemba m'buku lochedwa The Call of the Wild, limene linaturuka mu 1903.

Dziko limenelo lizizira koopsa, kotero kuti madzi a m'mitsinje auma gwa, nasanduka mseu. Cileyi, cimene kumidzi cikokedwa ndi ng'ombe, kumeneko pa masiku aja cinali kukokedwa ndi agalu omangidwa pamzere. Motero galu wamphamvu anali wa mtengo wapatali.

Bukuli linena za galu wamkulu dzina lace Buck, amene anakulira m'mtendere pakhomo pa woweruza milandu ku California. Tsiku lina wanchito wa m'dimba, pokhala ndi ngongole za juga, anamuba namgulitsa. Ogulawo anampanda ndi cibonga kufikira anagonja, namtumiza kumpoto.

Ambuye ace oyamba, Perrault ndi François, anali onyamula makalata a boma. Nchito yao inali yowawa, pakuti anali kuyenda mamailo 40 pa tsiku, ndipo cakudya ca agalu cinali nsomba zouma. Koma anthuwa anaidziwa nchito. Pamene mapazi a Buck anatupa, François anamsokera tinsapato. Buck anavutika, koma analimba, ndipo atagonjetsa galu wina dzina lace Spitz anakhala mtsogoleri wa anzace.

Pambuyo pace agaluwo, ali otopa kale, anagulidwa ndi alendo atatu: Hal, Charles ndi Mercedes. Awa sanali kudziwa kanthu, ndiponso sanafune kuuzidwa. Anasenzetsa cileyi katundu wopyola muyeso, nagula agalu ena kufikira anakwana 14, osawerengera kuti cakudya ca onsewo cidzacokera kuti. Poyamba anawadyetsa mopambanitsa, kenaka njala inagwa, ndipo agalu anayamba kufa mmodzi mmodzi.

Nyengo yofunda itayandikira, anafika pa msasa wa munthu wozolowera dzikolo, John Thornton. Iye anawacenjeza kuti madzi ouma aja ayamba kusungunuka pansi, asapitirire. Hal sanamvere. Buck anagona pansi nakana kudzuka, ngakhale anamkwapula kolimba. Pamenepo Thornton anadula zingwe namlanditsa. Enawo anapitirira, ndipo asanapite patali mtsinje unatseguka, numeza anthu, agalu ndi cileyi comwe. Akulu ananena kuti safunsa anadya phula.

Kwa Thornton, Buck anagwira nchito yoposa zonse popanda mkwapulo. Tsiku lina anakoka yekha cileyi ca ufa wolemera mapaundi 1,000 pa mtunda wa mayadi 100, cifukwa mbuye wace anangompempha. Thornton ataphedwa, Buck sanafunenso mbuye wina. Analowa m'thengo nakhala mtsogoleri wa mimbulu.

Inu amene mutsika m'mgodi m'mawa ndi usiku, lingalirani nkhani imeneyi. Galu anali yemweyo, dziko linali lomwelo, ndipo katundu anali wolemera nthawi zonse. Cimene cinasiyana ndi munthu woyendetsa cileyi. Kapitao wodziwa nchito ayang'ana denga ndi mizati asanalowetse anthu ace, ndipo amvera wanchito wakale akati mwala ulikulira. Munthu wokana kulowa pamalo poopsa kawirikawiri amuyesa waulesi. Hal nayenso anamuyesa Buck waulesi.

Jack London anamwalira mu 1916, ali ndi zaka 40, koma buku lace liwerengedwabe m'zinenero zambiri.