AYEZI WOMIRA M'MADZI

Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wapachaka wa ophunzira akale



Tonsefe tinaphunzira m'labotale ya sukulu ino kuti madzi akaundana amafufuma. N'chifukwa chake botolo lodzaza limasweka m'firiji, ndipo ayezi amayandama m'kapu. Aphunzitsi athu sanatinamize ayi, koma ayezi ameneyu ndi mtundu umodzi chabe. Asayansi apeza mitundu yoposa 15.

Mu 1912 Percy Bridgman wa ku Harvard anapanikiza madzi m'makina achitsulo napeza mtundu wotchedwa ice VI, ndipo mu 1937 anapeza ice VII. Kuti ice VI apangike popanda firiji, pamafunika mphamvu yoposa ya mpweya wotizungulirawu pafupifupi maulendo 10,000. Ayezi ameneyu ndi wolemera kuposa madzi, choncho amamira. Ice VII, akapanikizika mokwanira, sasungunuka ngakhale pa madigiri 100, pomwe madzi a tiyi amawira.

Masiku ano asayansi amaika kadontho ka madzi pakati pa nsonga ziwiri za dayamondi, n'kumafinya, kwinaku akuyeza. Akafinya, ayezi amachepa. Akatenthetsa, amafufuma. Koma akafinya kwambiri, kufufuma kwake pa kutentha kumachepa. Zonsezi amazilemba mosamala.

Wina afunsa kuti, nanga phindu lake n'chiyani? Tamverani izi. Mu 2018 asayansi analengeza kuti apeza ice VII m'kati mwa miyala ya dayamondi, ina mwa iyo yochokera ku Botswana. Madziwo anatsekeredwa m'mwalamo ali otentha, pansi penipeni pa dziko. Mwalawo utakwera kumtunda n'kuzizira, madzi aja anaundana ali chipanikizikire. Popeza ankadziwa mmene ayeziyu amachepera ndi kufufumira, anawerengera chobwerera m'mbuyo napeza kuti ina mwa miyalayo inachokera pansi pozama makilomita oposa 400. Palibe munthu amene anafikako, komabe tadziwa kuti kuli madzi.

Masamu omwewo akuthandizanso ofufuza za Ganymede, mwezi waukulu wa Jupiter, umene akuganiza kuti pansi pa nyanja yake pali ayezi womirayu. Chombo cha JUICE chinanyamuka mu 2023, ndipo chikuyembekezeka kukafika ku Jupiter mu 2031.

Anzanga, ntchito yonseyi imayamba ndi kuyeza: kutentha, kulemera ndi kukula kwa chinthu. Mwana amene amangokopera zimenezi pabolodi, osagwirako chida choyezera, adzakhoza mayeso koma sadzatulukira kanthu. Choncho pokambirana za chopereka chathu chaka chino, ndikupempha kuti tikumbukire labotale ija: masikelo, mabotolo oyezera ndi zida zoyezera kutentha. Ife tinapindula nayo. Tiyeni aang'ono athu apindulenso.