Mphepo Yozizira Ili Pansi pa Mapazi Athu



Ine sindine injiniya. Ndine mtolankhani, ndipo ku yunivesite ndidachokako ndisanamalize. Koma nyumba yotentha ndikuidziwa chifukwa ndimagonamo. Ndimachita lendi chipinda cha malata chopanda siling'i. Mwezi wa Okutobala mwana wanga amalira usiku wonse, thukuta lili kamukamu, ndipo magetsi akathima fani imangotiyang'ana. Olemera amagula makina oziziritsa nyumba. Nanga ife amphawi tipsere momwemo?

Yankho lili m'dothi. Dzuwa limatenthetsa nthaka ya pamwamba yokha. Mukakumba mamita 2 kapena 3, kutentha kwa pansipo sikusintha kwenikweni chaka chonse. N'chifukwa chake madzi a pachitsime chakuya amazizira ngakhale dzuwa lili paliwombo.

Tsono nzeru yake ndi iyi. Mumakumba ngalande yakuya chotero, yotalika mamita 20 mpaka 30, n'kuyalamo paipi ya pulasitiki kapena ya konkire, yapakamwa pa masentimita ngati 20, n'kukwirira. Kamwa limodzi limatulukira panja pamthunzi, lina m'chipinda. Mpweya wotentha ukamadutsa m'paipimo umasiya kutentha kwake m'dothi, n'kulowa m'nyumba utazizirako. Padenga mumaika chumuni chopaka utoto wakuda. Dzuwa likachiwotcha, mpweya wotentha umakwera n'kutuluka, ndipo potulukapo umakoka wozizira uja. Kukokako kukachepa, kafani kakang'ono ka sola kamathandiza. M'chisanu cha Juni paipi yomweyo imafunditsako mpweya wa usiku.

Izi si zachilendo ayi. Ku Yazd m'dziko la Iran, anthu akhala akuziziritsa nyumba kwa zaka mazanamazana podutsitsa mphepo m'ngalande za madzi za pansi pa nthaka. Inu amene mudakhala ku Harare mukuidziwa Eastgate, nyumba imene idatsegulidwa mu 1996. Woijambula, a Mick Pearce, adatengera nzeru ku chulu cha chiswe. Kumeneko mpweya wa usiku umaziziritsa konkire, ndipo konkireyo imaziziritsa maofesi masana. Ngati nzeru yotere ikutumikira mabwana m'maofesi, ilekeranji kutumikira mlonda ndi mayi wogulitsa mandasi?

Koma walira mvula walira matope. Paipi iyenera kupendekeka pang'ono kuti madzi amene amadikha m'kati azituluka, apo ayi mudzapuma nkhungu. Pakamwa pake pakhale sefa wotchinga udzudzu, makoswe ndi njoka. Ikhale kutali ndi chimbudzi chokumba. M'dambo kapena m'malo osefukira madzi musayese n'komwe. Ndiponso paipi payokha singagonjetse malata opanda siling'i: khonde, mitengo ndi siling'i ndi anzake.

Pempho langa likupita kwa inu amene mukumanga midadada ya lendi, ndi kwa makhonsolo amene amavomereza mapulani. Ngalandeyi imatsika mtengo pamene mukukumba maziko, makasu ndi anyamata ali pomwepo. Nyumba zikathithikana, malo okumbapo sapezekanso. Yesani pa nyumba imodzi, muyeze kutentha kwake mu Okutobala, muyerekeze ndi yoyandikana nayo, ndipo ife atolankhani tidzalemba zimene mwapeza, zabwino kapena zoipa.

Akuluakulu adati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Ana athu akufuna tulo.