Liu Limodzi la Cingerezi: "Tell"

Ndadza ndi liu limodzi lokha la Cingerezi, la zilembo zinai, ndilo "tell." Ana athu alimva tsiku ndi tsiku, koma poconga makope ao tipeza kuti liwagwetsa kawiri kawiri.

Ndiyambe ndi cimene cinandicitikira ine. Mnyamata wina wa m'kalasi langa, wofatsa ndi waulemu, anafuna kupita ku maliro a agogo ace. Analemba kalata kwa mphunzitsi wamkuru, nati, "I tell you to give me three days." Mkuruyo anapsa mtima, nayesa mwanayo wamwano. Komatu mumtima mwace mwanayo anali kupempha. Colakwa cinali canga, pakuti ndinamphunzitsa kuti "tell" ndiko kuuza, ndi kulekera pomwepo.

Coyamba, liuli lifuna munthu wouzidwa. Pano Cinyanja cathu citithandiza, pakuti tiri nao mau awiri, kunena ndi kuuza. Wina akati, "Anauza kuti mvula irinkudza," womva adzafunsa, "Anauza yani?" Tiyenera kuti, "Anandiuza," kapena, "Anauza amai." Cimodzimodzi m'Cingerezi: "He told me that the rain was coming." Koma "say" afanana ndi kunena, ndipo aima yekha: "He said that the rain was coming." Tikafuna kuchula womva pambuyo pa "say," tiika "to" pakati: "He said to me." Cotero mwana wolemba "He said me" walakwa, ndi wolemba "He told that" walakwanso. Muwaonetse anawo kuti kacidutswa -ndi- kamene kakhala m'kati mwa "anandiuza" ndiko "me" wa Cingerezi, woima pambuyo peni peni pa "told."

Caciwiri, liuli silitsata lamulo la -ed pa nthawi yapita. Mwana wolemba "telled" waganiza bwino ndithu, pakuti watsata "walked" ndi "played." Musamseke. Mumpatse liu linzace loyenda njira yomweyo: "sell" asanduka "sold," ndipo "tell" asanduka "told."

Cacitatu ndico cinagwetsa mnyamata uja. Pamene "tell" atsatidwa ndi munthu, ndipo pambuyo pace padza "to" ndi nchito yoti icitike, tanthauzo lace ndi kulamula. "The headman told the men to mend the bridge": nyakwawa sinawapemphe amunawo, inawalamula. Poletsa titi, "Mother told us not to go to the river." Tsono mwana sangathe kulembera wamkuru motero. Liu lomuyenera ndi "ask," kapena funso laulemu: "May I please have three days?" Kwathu mwana sati kwa atate ace, "Ndikuuzani kuti mundipatse." Ulemu umene ali nao kale m'cinenero cace tisautaye pomphunzitsa cacilendo, cifukwa tsiku lina adzalemba kalata yofunsira nchito, ndipo wowerengayo sadzamuona nkhope yace yofatsa, adzaona mau okha.

Cacinai, pali malo owerengeka pamene "tell" safuna wouzidwa, ndipo awa ndi ofunika kuwaloweza pamtima: "tell the truth," kunena zoona, "tell a lie," kunama, "tell a story," kukamba nthano, "tell the time," kudziwa nthawi poyang'ana koloko. Liuli litanthauzanso kusiyanitsa: "Can you tell maize from sorghum?" ndiko kuti, kodi ukhoza kusiyanitsa cimanga ndi mapira?

Wina angafunse, nanga kuuza ndi kuyang'ana koloko zikomana pati? Yankho liri m'mbiri ya liuli. M'Cingerezi cakale, zaka zoposa 1,000 zapitazo, linali "tellan," ndipo limodzi la matanthauzo ace linali kuwerenga zinthu cimodzi cimodzi. Wosimba nkhani nayenso aika zocitika m'ndandanda, ici poyamba, ico pambuyo. Tanthauzo lakalelo likalipobe: kalaliki wowerenga ndalama ku banki achedwa "teller," ndipo m'nyumba ya malamulo ya ku London, House of Commons, aphungu osankhidwa kuwerenga mavoti achedwa "tellers." Liu lakuti "tale," nthano, licokera ku muzu womwewo. Ife tisadabwe nazo, popeza nafenso tiwerenga ng'ombe m'khola, tiwerenganso buku, ndi liu limodzi lomweli.

Potsiriza, nayi njira imene yandithandiza, yosafuna buku kapena coko. Itanani ana atatu kutsogolo. Woyamba anong'oneze waciwiri uthenga. Wacitatu afunse, "What did he tell you?" Waciwiri ayankhe, "He told me that his goat is lost," kapena, "He told me to shut the door." Ndipo kalasi lonse liweruze: kodi uwu unali uthenga wabe, kapena lamulo? Citani cotero mphindi zisanu m'mawa uli wonse kwa masabata awiri, ndipo mudzamva kusintha pakamwa pao musanakuone m'makope.

Akuru anati kuongola mtengo mpoyamba. Mnyamata uja anapita ku maliro, nditakamfotokozera mphunzitsi wamkuru, koma anapita mocedwa tsiku lathunthu. Ana anu asacedwe cotero cifukwa ca liu limodzi.